Makina opanda lamba

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga. Dzina langa ndi Semba, ntchito yanga ndi ya utelala. Kwathu ndi ku Nsanje, koma ndakhala ku Nkolokosa kuyambira pamene ndinamaliza sekondale. Sindine munthu wolankhula kwambiri, ndipo amene timapemphera limodzi akudziwa kuti sindinaimepo kutsogolo kupereka umboni. Ndasankha kulemba chifukwa pepala silithamangitsa munthu. Nkhani yanga ndi ya phazi langa lamanja, limene linauma kwa miyezi yambiri mpaka ndinatsala pang'ono kutaya malo amene ndimadyerapo.

Anthu amayesa kuti telala amadya za manja ake. Manja amangowongolera nsalu, chimene chimasoka ndi phazi. Makina anga ndi akale aja opalasa, ndipo ndakhala nawo zaka zambiri pakhonde la sitolo ina ya nsalu ku Limbe. Munthu akagula nsalu m'katimo amatulukira pa ine, ndimuyeza, nkhani yatha. Malo a pakhonde alibe pepala. Ndi ako malinga ngati ukukhalapo, chifukwa mwini sitolo amafuna telala pakhomo kuti nsalu zake ziziyenda. Ukasowa nthawi yaitali, pali atelala ambiri amene akusokera m'nyumba zamdima ndipo maso awo ali pakhonde lomwelo.

Ngozi yanga inachitika mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Ndinatsika minibasi ku Limbe nditanyamula chikwama cha nsalu, ndipo madzi anali atadzaza msewu kotero kuti ngalande sinkaoneka. Ndinaponda pamene ndinkayesa kuti pali simenti. Phazi linalowa, thupi linapitirira, ndipo ndinamva kulira ngati kwa kamtengo kouma. Kuchipatala anandijambula n'kupeza kuti kafupa ka pa akakolo kathyoka. Anandiika chikhakha. Ndinene pano kuti anagwira ntchito yawo bwino, chifukwa atachotsa chikhakhacho anandijambulanso ndipo fupa linali litalumikizika. Anandiuza kuti ndizibwera ku mafizo, kumene amathandiza ziwalo zovulala kuyambanso kugwira ntchito, ndiponso kuti kunyumba ndiziliyendetsa phazilo.

Ku mafizo ndinapita kamodzi. Kuchokera kwathu kukafika kumeneko ndi ndodo ziwiri m'khwapa, makondakitala akukuwa kuti madala fulumirani, sinali nkhani yaing'ono. Zimene anandionetsa kuti ndizichita zinkapweteka ngati moto. Ndinaganiza monga mmene ndakhala ndikuganizira moyo wanga wonse. Telala amaphunzira kusamala, chifukwa nsalu ya mwini ukaidula molakwika sibwerera. Ndinati chinthu chikamapweteka ndiye kuti chikuwonongeka, choncho ndinayamba kulisamala phazi lija. Ndinalikulunga bandeji, ndinaliika pa kampando, ndipo sindinalole kuti liponde pansi. Mwezi unatha, wina unatha. Mwendo unaonda, ndipo phazi linauma ngati losema. Silinkapita kutsogolo, silinkabwerera m'mbuyo.

Makina tinali titawabweretsa kunyumba. Ndinayesa kupalasa ndi phazi lamanzere lokha, koma gudumu linkabwerera m'mbuyo n'kudula ulusi, ndipo msoko unkatuluka wokhota ngati wa wophunzira. Ndinawononga siketi ya mayi wina wa pafupi nafe. Sanandikalipire, anangoitenga mwakachetechete, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa phazi. Pakhomo tinayamba kudalira tomato amene akazi anga, mayi a Rute, amagulitsa kumsika. Iwo ndi amene anapita ku Limbe kukandipepesera kwa mwini sitolo. Anabwera ndi yankho lakuti malo andisungira mpaka nthawi ya mayunifolomu, mu Ogasiti, pamene makolo amagula nsalu za ana a sukulu. Ikakwana nthawi imeneyo ndisanabwere, adzaika wina. Munthuyo sanalakwe. Anali atandidikira kale kuposa mmene ambiri akanachitira.

Ndinapemphera, abale. Koma ndikuuzeni mmene ndinkapempherera. Ndinamupatsa Mulungu miyeso, monga kasitomala amachitira kwa telala. Ndinati, Ambuye, phazi ili lapita, ndipatseni makina a magetsi kuti ndisalifunenso. Sindinapemphe china. A kumlaga kwathu, abale a mpingo a m'dera lathu, anabwera kudzapemphera nane, ndipo mayi wina wachifundo anandibwereka makina a magetsi a mwana wake. Ndinati pemphero layankhidwa. Koma chaka chimenecho magetsi ankazima m'mawa n'kuyaka dzuwa litalowa, ndipo ndinakumbukira mochedwa kuti pakhonde la ku Limbe palibe ngakhale pobayira magetsi. Makina aja anakhala patebulo atafunda nsalu mpaka eni ake anadzawatenga.

Kuyambira pamenepo ndinatopa. Sindinakwiye, sindinasiye kukhulupirira, ndinangotopa. Ndinkadzuka, kukhala pampando, kuyang'ana dzuwa likuyenda pakhoma la nyumba ya anzathu, kenako kukagona. Kuzizira kwa Juni kunalowa m'phazi muja n'kukhala momwemo. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu awiri okha: Ambuye, mukundiona. Mu Julayi ndinauza mayi a Rute kuti makina tigulitse, ndalama yake iwonjezere pa tomato. Iwo anapeza munthu wa ku Chirimba amene anati adzabwera Loweruka masana kudzawaona.

Loweruka m'mawa tinawatulutsa pakhonde la nyumba. Ndinawapukuta, ndinawathira mafuta. Lamba wake, chingwe chachikopa chija chimene chimalumikiza gudumu la pansi ndi mutu wa makina, anali atang'ambika chifukwa chokhalitsa. Ndinamuchotsa kuti wogulayo asapeze chonyozera. Ndili mkati mopukuta ndinamva odi ku mpanda.

Anali Che Amidu, bambo wachikulire wa ku Chinyonga, Msilamu, amene anayendetsa malole zaka zambiri asanapume. Ndakhala ndikuwasokera mikanjo kuyambira kale, ndipo sabata imene ndinagwa anali atandisiyira nsalu yoyera. Anafunsa ku Limbe mpaka anapeza kwathu.

"A telala, Idi yadutsa nditavala mkanjo wakale ngati mwana wamasiye," anatero asanakhale n'komwe. "Ndimati mwathawira ku Joni ndi nsalu yanga."

Ndinapepesa n'kuwauza kuti nsalu yawo ilipo, aitenge akapatse wina. Sanayang'ane nsaluyo, anayang'ana phazi. Anafunsa kuti bandeji wakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo nditawauza anapukusa mutu. Anapempha kuti ndimasule. Analigwira ndi manja awiri, analitembenuza pang'ono, kenako anaseka.

"Phazi ili mwalisunga ngati suti ya ukwati. Lole ukaiimika chaka, a telala, mabuleki amagwira okha. Sinawonongeke, yangoiwala msewu."

Anandiuza kuti malume awo kumudzi ankathowa anthu obinya ndi oguluka, ndipo iwo anaphunzira ali mnyamata. Pa ulendo wa malole ankathowa anzawo amene avulala pokweza katundu. Koma anati fupa lothyoka sagwira, limenelo ndi la kuchipatala, ndipo ngakhale langa salikhudzanso mpaka ndikafunse kwa amene anandijambula ngati likuloledwa kuthowedwa.

Mtima wanga sunamasuke. Ndine munthu wa mpingo, ndipo ndaona anzathu akuimitsidwa chifukwa chopita kwa asing'anga. Ndinawafunsa mosabisa ngati pali mphini, kapena chithumwa, kapena mawu ena amene amanena.

"Ine ndimagwada kasanu pa tsiku, chithumwa ndichisunge pati?" anayankha. "Ndi madzi otentha, masamba a nsatsi, mafuta ake, ndi manja awa. Inu mupemphere mwa njira yanu, ine ndiyamba ndi dzina la Mulungu mwa njira yanga. Phazi silifunsa kuti mumapemphera Lachisanu kapena Lamulungu."

Akulankhula choncho anali atatsamira makina, ndipo dzanja lawo linakankha chopondera cha pansi. Popeza panalibe lamba, chinayenda mopepuka, gudumu likuzungulira lokha, singano ili chete. Anakankhanso. Anafunsa chifukwa chake makina ali panja, ndipo mayi a Rute anawauza. Che Amidu anakhala kanthawi akuyang'ana chopondera chija chikupita kutsogolo ndi m'mbuyo.

"Mukugulitsa mankhwala anu," anatero. "Musaikemo lamba. Muwasiye chonchi."

Wa ku Chirimba uja atafika masana, mayi a Rute anamulandirira ku mpanda n'kumupepesa. Sanandifunse maganizo anga.

Lolemba ndinapita ku mafizo ndili ndi manyazi. Mayi amene anandiona anandidzudzula mwaulemu chifukwa chosowa nthawi yonseyo. Anati fupa lili bwino, vuto ndi mitsempha imene yafupika chifukwa chosagwira ntchito. Kuthowa ndi kutikita anavomera, malinga pasakhale kutema mphini kapena kulipotokola mwamphamvu. Nditamufotokozera za chopondera cha makina anati ndi zomwezo zimene anandionetsa poyamba paja, ndizichita pang'onopang'ono, ndipo ndizibwera kudzaonetsa.

Chovuta chinali masamba. Ine ndinkayesa nsatsi ndi udzu wongomera paliponse, chifukwa kwathu kuchigwa ndi mmene zilili. Che Amidu anati m'tauni muno zinthu zinasintha. Kumene ankathyola kale, m'mbali mwa kamtsinje kumunsi kwa Chinyonga, anthu anamanga nyumba mpaka m'madzi. Nsatsi zotsala zili pa mtaya wa zinyalala ndi m'ngalande za madzi oipa, ndipo masamba otero sangaike pa thupi la munthu. Kuphiri kunatsala miyala. Iwo anali ndi mitengo iwiri yokha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo masamba ankathyola mowerenga kuti mitengoyo isafe. Nditafunsa za malipiro anatulutsa bokosi la machesi m'thumba. Munali njere za nsatsi. Anati malipiro awo ndi akuti ndidzale, ndizithirira madzi otsukira mbale mpaka mvula idzagwe, ndipo njerezo ndiziike kutali ndi ana chifukwa ndi zakupha munthu akadya.

Ankabwera kawiri pa sabata, wapansi, ndi masamba m'jumbo. Mayi a Rute ankawiritsa madzi pambaula. Che Amidu ankaviika masamba, kudikira kuti kutentha kutsike, n'kuwakanikiza pa akakolo mpaka khungu litafewa. Kenako ankadzola mafuta m'manja n'kuyamba kutsata mtsempha ndi zala zazikulu, kuchokera ku chidendene kukwera m'katumba. Ululu wake sindingathe kuulemba. Ndinkaluma kansalu kotsala posoka, iwo akusimba za misewu ya ku Beira ngati palibe chikuchitika. Akaona kuti ndafika pothera ankasiya. Phazi likadali lofunda ankandikhazika pa makina kuti ndipalase.

Masiku oyamba chopondera chinkangogwedezeka pang'ono, ndipo phazi lamanzere ndi limene linkathandiza. Anandiuza kuti ndizipalasa m'mawa ndi madzulo, ngakhale masiku amene iwo sabwera. Apa ndi pamene panali poyesa penipeni. Makina opalasa amamveka patali. Anthu a m'dera lathu atamva phokoso lija anayesa kuti ndayambanso ntchito, ndipo ena anabwera ndi zovala zong'ambika. Ankandipeza nditakhala mowongoka, manja ali pa maondo, singano ili chilili, ndikupalasa makina opanda lamba, opanda ulusi, opanda nsalu. Ankapereka moni n'kubwerera ndi zovala zawo. Posapita nthawi mawu anatuluka kumpopi akuti a telala akusoka mphepo. Ena ankati matenda akwera kumutu.

Munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse amapirira ululu, koma kuoneka wopusa kumamuvuta. Masabata ankapita ndipo sindinkaona kusintha. Tsiku lina m'mawa ndinakana kukhala pa makina. Ndinauza mayi a Rute kuti ndatopa kuseketsa anthu, Ogasiti wafika kale, malo apita, andisiye ndikhale. Anali akumanga dengu la tomato. Anamaliza kumanga, anatenga mpando wanga n'kukauika kutsogolo kwa makina.

"Bambo a Rute, mwasokera anthu zaka zonsezi. Panopa mukusoka phazi lanu. Msoko wake uli m'kati, n'chifukwa chake sakuuona."

Anasenza dengu n'kumapita. Ndinakhala pampando paja nthawi yaitali ndisanaike phazi pa chopondera. Sindinganene kuti ndinamva mphamvu kapena chimwemwe. Ndinangopalasa, ndikunena pemphero langa lija la mawu awiri, liwu limodzi phazi likapita kutsogolo, lina likabwerera.

Kusintha kunabwera mosaonekera, monga mwana amakulira. M'mawa wina ndinazindikira kuti phazi lamanzere lili pansi pa simenti ndipo lamanja likupalasa lokha. Che Amidu ataona anati tsopano tiike lamba watsopano koma tichotse singano, kuti phazi lizolowere kulemera kwa mutu wa makina. Kenako tinabwezera singano ndipo ndinkaboola mapepala a nyuzi opanda ulusi. Kenako ulusi ndi tinsalu totsala. Chovala choyamba chimene ndinasoka chinali mkanjo woyera uja. Anauvala pomwepo pamwamba pa malaya, anayenda nawo mpaka ku mpanda n'kubwerera, ndipo anati dzanja limodzi latalika koma andikhululukira chifukwa ndine wodwala. Ndinayeza. Manja anali ofanana.

Ndinapita ku Limbe kumapeto kwa Ogasiti ndi ndodo imodzi. M'sitolo munali kale makolo akusankha nsalu za mayunifolomu. Mwini sitolo anandiuza mosabisa kuti walankhula kale ndi telala wina, koma sanamupatse mawu omaliza. Anayang'ana ndodo yanga. Anati sakufuna kundichititsa manyazi, koma nyengo ino pakhonde pamafunika munthu wosoka tsiku lonse. Anabwereka makina a telala wa sitolo yoyandikana, anandipatsa nsalu yaitali ya makatani n'kunena kuti ndipinde m'mphepete monse. Ndinaika ndodo pansi. Makina anali achilendo ndiponso olemera kuposa anga. Pakati pa nsalu phazi linayamba kutentha, ndipo ndinaopa kuti gudumu libwerera n'kudula ulusi anthu akuona. Koma phazi linali litazolowera kupita popanda kufunsa ngati pali chimene likusoka. Ndinafika kumapeto, ndinadula ulusi ndi lumo. Mwini sitolo anatsata msoko ndi chala kuchokera koyamba mpaka kothera, anapinda nsalu yake n'kunena kuti mawa ndilawire.

Ndaganiza zambiri za nkhaniyi ndili pa makina. Kumisonkhano timakamba za chitukuko ngati katundu amene adzabwera pa lole kuchokera kutali, ndipo ine ndinapemphera chimodzimodzi, kuyembekezera chinthu chatsopano cha m'bokosi. Chimene Mulungu anandiimika nacho chinali pomwepo kale: chipatala chimene chinalumikiza fupa, makina akale amene ndinkafuna kugulitsa, madzi a pambaula, tsamba, ndi manja a munthu amene sitipemphera nyumba imodzi. Koma ndinaonanso kuti zinthu zimenezi zikhoza kutha tikuyang'ana. Tsamba linatsala pa mitengo iwiri. Manja anatsala a munthu mmodzi wokalamba, chifukwa ana a Che Amidu amayendetsa maminibasi ndipo alibe nthawi yophunzira kuthowa. Ndikanavulala zaka zochepa kutsogolo, sindikudziwa amene akanabwera pa mpanda paja.

Njere zija zinamera zisanu, ndipo lero nsatsi zapitirira denga la bafa. Tagawako njere kwa mabanja angapo a kumlaga. Mayi a Rute, amene ankangowiritsa madzi, anali akuyang'anitsitsa nthawi yonseyo, ndipo Che Amidu atazindikira anayamba kuwagwiritsa zala pamene pali mtsempha. Anawaphunzitsanso kukazinga ndi kusinja njere kuti atenge mafuta. Lero munthu akabinya m'dera lathu amabwera kwathu, ndipo funso loyamba la mayi a Rute ndi lakuti kodi kuchipatala akujambulani. Ngati sanapite amamubweza. Che Amidu manja awo ayamba kunjenjemera ndipo sathowanso anthu. Bondo lawo likatupa amabwera ku Nkolokosa, amakhala pa mpando wanga uja, ndipo mayi a Rute amawathowa ndi masamba a mitengo imene inachokera m'bokosi lawo la machesi. Amadandaula kuti manja a mayiwa ndi ankhanza kuposa awo.

Sindikuuzani kuti ndinachira ngati mnyamata. Kukazizira phazi limandikumbutsa, ndipo madzulo ndimatsika minibasi mosamala, ndili wotopa. Ntchito ya utelala nayo sikuyenda ngati kale chifukwa cha kaunjika. Koma ndili pakhonde langa, Rute akupita kusukulu atavala yunifolomu yosoka bambo ake, ndipo pa zimenezi ndikuthokoza Mulungu amene anakana miyeso yanga. Ndikuthokoza Che Amidu, mayi wa ku mafizo uja, abale a kumlaga, ndi mkazi wanga amene anabweza wogula pa mpanda.

Kwa inu amene mwatopa, amene pemphero lanu lafupika ngati langa, ndilibe mawu ambiri. Ngati mwavulala pitani kuchipatala, ndipo zimene akuuzani muchite ngakhale zikupweteka. Musanyoze thandizo chifukwa labwera wapansi, litanyamula jumbo. Ndipo ngati muli pa nyengo imene mukudzuka, kupemphera, kuyesetsa, koma palibe chooneka chimene chikutuluka, mwina anthu ayamba kale kunena kuti mukusoka mphepo, musachoke pampando. Lamba wong'ambika uja sindinamutaye, ali pa msomali pafupi ndi khomo, ndipo ndimamuona m'mawa uliwonse ndikamapita ku Limbe. Ambuye akusungeni, ndipo palasanibe.